Madzi oyera amene sali oyera

Ndakhala ndikulimbana ndi mawu awiri, "kuyera" ndi "kusefa", chichitikireni ngozi ya ku Chambishi. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka, ndipo madzi a asidi anathira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mipopi ku Kitwe anayamba atsekedwa. Kafue yemweyo ndiye amamwetsa Lusaka, kumene ambiri a inu mukukhala.

M'chinenero chathu, madzi opanda matope ndi oyera, ndipo madzi opanda choipa ndi oyeranso. Pa chitsime cha kumudzi matanthauzo awiriwa amayendera limodzi. Pafupi ndi mgodi amasiyana njira, chifukwa mkuwa, zinki kapena mtovu ukasungunuka ungakhale wochuluka mokwanira kuvulaza munthu madziwo akuonekabe mbee. Kusefa nako sikuthandiza. Amayi athu amadziwa zimenezi akamatcheza chidulo: phulusa limatsala m'chiwiya, koma mphamvu yake imadutsa ndi madzi n'kukafewetsa therere. Chosungunuka sichikodwa m'sefa.

Ndiye chimachotsedwa bwanji? Njira imene yandikopa inatulukiridwa ndi Norman Li ku America, ndipo inalembetsedwa mu 1968. M'Chingerezi amati emulsion liquid membrane. Amatenga asidi wamphamvu pang'ono n'kumutakasa m'mafuta onga palafini, pamodzi ndi mankhwala ogwira ntchito ngati sopo, mpaka asidiyo agawike timadontho tosaoneka ndi maso, tokutidwa ndi mafuta. Chisakanizocho chimaoneka ngati mkaka. Kenako amachithira m'madzi oipa aja n'kuvundula mofatsa, ndipo chimabalalika n'kukhala timipira, tambiri tosaposa mamilimita 2. Kampira kalikonse kali ndi asidi m'kati, madzi oipa kunja, mafuta pakati.

Nzeru yonse ili m'mafutamo. Muli mankhwala ena amene ndimakonda kuwatcha mtengatenga, ngakhale dzinali lili ndi mbiri yowawa ya nthawi ya atsamunda. Kunja kwa kampira, mtengatengayo amagwira mkuwa. Amawoloka nawo mafuta, ndipo akafika pa kadontho ka asidi amaulanditsa, n'kubwerera kukatenga wina. Chodabwitsa n'chakuti katunduyo amachoka kumene ali wochepa kupita kumene waunjikana kale, ngati madzi okwera phiri, ndipo chimene chimamukoka ndi kusiyana kwa ukali wa asidi kunja ndi m'kati. Pamapeto timipira timayandama, amatiwengula, n'kutiphwanya ndi magetsi amphamvu. Mafuta amabwerera ku ntchito, ndipo chitsulo chimatsala m'madzi ochepa kwambiri momwe angachitengenso. M'zaka za m'ma 1980 njirayi inagwiritsidwa ntchito ku Lenzing, ku Austria, pochotsa zinki m'madzi otayidwa ndi fakitale ya ulusi wa viscose.

A ku Copperbelt sangaione yachilendo kwenikweni. Kuchotsa mkuwa ndi mankhwala a m'mafuta kwachitika ku Nchanga, ku Chingola, kuyambira m'ma 1970. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kugwira ndi kulanditsa kumachitikira m'matanki osiyana, pamene kuno zonse zimachitikira m'kadontho kamodzi.

Tsono tiitche chiyani? Liwu la membrane tili nalo, nembanemba, ngati ija ya m'kati mwa chikamba cha dzira. Ena angathamangire kunena "sefa yamadzi", koma ine ndikukana, pakuti sefa ili ndi mabowo ndipo imasankha poona kukula. Ichi chilibe bowo, chimasankha poona mtundu wa chitsulo. "Nembanemba ya mafuta" ikundikomera, ndipo mneni wake akhale "kuwolotsa" kapena "kutola". Dzinali lili ndi ubwino winanso: aliyense akudziwa kuti nembanemba sichedwa kung'ambika. Ndilo vuto lalikulu la njirayi. Mukavundula kwambiri timipira timasweka, chitsulo n'kubwerera m'madzi. Tikakhalitsa timamwa madzi n'kufufuma. N'chifukwa chake mafakitale ochepa okha ndiwo anaitengera, ndipo malo ake ndi pa paipi yotulutsa madzi oipa, asanafike kumtsinje. Kafue wathunthu simungamuvundule m'thanki.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chenjezo la pa wailesi tsiku la ngozi ina. Makutu athu anazolowera uthenga wa kolera: wiritsani madzi, thirani kolorini. Zonsezi zimapha tizilombo, koma chitsulo si chamoyo. Madzi akawira nthawi yaitali amaphwera, ndipo mtovu wotsala mumphikamo umangochulukira pa kapu iliyonse. Womasulira akalemba kuti "madzi si oyera", mayi wa ku Kanyama adzayang'ana m'ndowa, adzaona mbee, n'kukoleza mbaula. Ine ndingalembe kuti "muli chitsulo chosungunuka, musamwe ngakhale mutawiritsa". Inu a ku Chipata ndi ku Angónia, kodi "kusungunuka" kumamveka chimodzimodzi kwanuko, kapena kumangokumbutsa mafuta pamoto?