Kodi chitsiru tichiyankhe kapena tichileke?



Pa Miyambo 26 pali mavesi awiri oyandikana amene amazunguza mutu. Vesi 4 ikutiletsa kuyankha chitsiru, kuopa kuti tingafanane nacho. Vesi 5 ikutilamula kuti tichiyankhe, kuopa kuti chingadziyese chanzeru. Ena amaloza pamenepa nanena kuti Baibulo likudzitsutsa. Koma amene anasonkhanitsa miyambiyi, anthu a mfumu Hezekiya monga mutu 25 ukutiuzira, sanali akhungu. Anaika mawuwa pamodzi mwadala.

Hezekiya yemweyo anadziwa nthawi yokhala chete. Pa 2 Mafumu 18, kazembe wa Asuri anaima kunja kwa linga la Yerusalemu nafuula m'Chiyuda, kunyoza Mulungu, kuti onse okhala palinga amve ndi kutaya mtima. Anthu anangoti duu, pakuti mfumu inali itawalamula kuti asamuyankhe. Kazembeyo sanadzere kudzamva zoona, anadzera kudzaputa. Ambuye Yesu nayenso sanamuyankhe Herode kanthu, ngakhale anamufunsa zambiri, popeza Herode ankangofuna kuonerera chozizwitsa.

Chipongwe chikalunjika pa inu nokha, chilekeni chipite. Makolo anati chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina, ndipo masiku ano ng'omayo ikulira usiku wonse m'magulu athu a WhatsApp, ngakhale a chibale, pomwe akuluakulu olemekezeka akuvina mpaka mbandakucha.

Koma pali uchitsiru wina umene sunyoza inu, umapha mnzanu. Munthu akauza wodwala kuti ataye ma ARV chifukwa wapemphereredwa, ife n'kungoyang'ana pansi, kumeneko si kufatsa ayi, ndi mantha ovala jekete la mpingo. Pamapeto pake tidzanyamula bokosi. Chimodzimodzi pamaliro, wachibale akaimirira nanena kuti nyumba ndi munda n'za kwawo kwa malemu, mkazi wamasiye ndi ana ali pomwepo pamphasa. Wolankhulayo mwina sangasinthe, koma ana aja akumvetsera, ndipo akaona akulu ampingo ali chete adzayesa kuti Mulungu wavomereza.

Choncho ndisanatsegule pakamwa ndimadzifunsa kuti, ndikakhala chete apweteke ndani? Akakhala ine ndekha, ndimaika foni pansi. Akakhala wamasiye uja, ndimaimirira, ngakhale wolankhulayo akhale malume ake a malemu.