Muulutsi Akalowa M'boma, Atifunsira Ndani?

Mukafunsa ophunzira m'makoleji athu amene amalakalaka ntchito ya pa wailesi kuti akufuna kudzafanana ndi ndani, mayina amene amatuluka ndi omwewo: Gospel Kazako, Brian Banda, Joab Frank Chakhaza, malemu Maria Chidzanja Nkhoma. Inenso, ngakhale maphunziro anga ndi a zilankhulo ndi mbiri yakale, ndimalota tsiku lina nditakhala kutsogolo kwa maikolofoni. Koma pali chinthu chimodzi pa moyo wa aulutsi athu otchuka chimene sitikambirana mokwanira tikamacheza ku hositelo. Angapo mwa iwo akafika pachimake, msewu wawo umakhotera ku boma. Ndikufuna tiuone msewu umenewu kudzera m'moyo wa a Kazako, ndipo tiuone ndi maso a omvera a kwathu ku Chigaru, amene palibe anawafunsapo maganizo pa nkhaniyi.

Tiyambe ndi kumene a Kazako anachokera. Kuyambira mu 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990, dziko lino linali ndi nyumba imodzi yokha youlutsira mawu, MBC. Kanema kunalibe. A Kamuzu Banda sanamufune, ndipo TVM inadzayamba mu 1999, iwo atachoka kale pampando. Muulutsi wa masiku amenewo anali munthu wodziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma zimene ankanena zinali zosefedwa kale ndi ena. A Kazako anadziwikira ku MBC komweko. Akuluakulu amene anawamva nthawi imeneyo amakumbukira mawu awo okhuthala komanso ndakatulo zawo za Chichewa.

Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA, ndipo khomo la wailesi zomwe si za boma linatseguka. Zoyambirira monga Power 101 ndi Capital FM zinatsamira kwambiri pa Chingerezi ndi anthu a m'tauni. Mu 2005 a Kazako anatsegula Zodiak ku Lilongwe, ndipo anasankha njira ina: Chichewa patsogolo, atolankhani m'maboma, nkhani za mlimi ndi wa geni zikumveka limodzi ndi za nduna. Mawu aja akuti zikachitika mumvera kwa ife anali lonjezo kwa munthu amene nyuzipepala siimufika.

Munthu ameneyo ndimamudziwa, chifukwa ndi agogo anga. Kwathu ndi kumpoto kwa mzinda wa Blantyre, ndipo msika umene timadalira ndi wa Lirangwe, pa msewu wa M1 wopita ku Zalewa. Ndege zotera ku Chileka timaziona m'mwamba, koma nyuzipepala ya tsikulo siidutsa pakhomo pathu. Kanema timakamuonera pa vidiyo sho kukakhala mpira wa ku England. Chimene chili m'nyumba zambiri ndi wailesi. Agogo aamuna ali ndi yawo ya sola imene amaikoleka pa nthambi akamalima ku dimba. Anyamata a kabaza amamvera pa foni, chingwe cha m'khutu chikugwira ntchito ya eriyo. Kwa anthu amenewa, muulutsi ndiye amaimirira pakati pa iwo ndi Capital Hill. Iwo sangakwere minibasi kupita ku Lilongwe kukafunsa chifukwa chake feteleza wachedwa kapena chifukwa chake kuchipatala kulibe mankhwala. Amadikira kuti wina amene ali ndi maikolofoni awafunsire.

Amalume amandiuza kuti m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika, MBC inali ndi pulogalamu ya Makiyolobasi, imene ntchito yake inali kunyoza atsogoleri otsutsa boma. Anthu ankaseka, koma anaphunzirapo kanthu: wailesi ya boma imakuuza zimene boma likufuna umve, ndipo kuti udziwe zimene zachitika uyenera kupotokola kabatani. Kukhulupirika kwa Zodiak kunamera pa nthaka imeneyo.

Ine ndinadzionera ndekha pa chisankho cha pa 21 May 2019, ndili ku sekondale. Usiku wonse atolankhani ankawerenga manambala ochokera m'malo oponyera voti, ndipo amalume ankawalemba kuseri kwa kope langa la masamu, akuwonkhetsa okha. Nkhani ya tipeksi itafika ku khothi, mlandu unkaulutsidwa pa wailesi zingapo n'kumamasuliridwa m'Chichewa. Pa 3 February 2020, tsiku la chigamulo, anthu anadzaza m'makhonde a magolosale pa Lirangwe kuyambira m'mawa mpaka mdima. Amayi ogulitsa tomato ankatsutsana za malamulo a dziko ngati maloya. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuifuna ntchito imeneyi. Ndinaona kuti chilankhulo cha kwathu chikhoza kunyamula nkhani yolemera kwambiri m'dziko, ndipo anthu osapita patali ndi sukulu n'kuitsatira bwinobwino.

Chisankho chinabwerezedwa pa 23 June 2020, ndipo mu July a Lazarus Chakwera anasankha a Kazako kukhala nduna ya zofalitsa nkhani. Nduna imeneyi ndiyonso imakhala mneneri wa boma. Agogo atamva anandiitana.

"Mwanawe, akuti mwini wailesi walowa m'boma? Nanga tsopano atifunsira ndani?"

"Agogo, atolankhani ake alipobe," ndinawayankha.

"Alipo, inde. Koma unaonapo mwana akudzudzula bambo ake pagulu?"

Funso limenelo ndakhala nalo zaka zonsezi, ndipo m'makalasi a kuno sindinamve lina loposa pamenepo. Agogo sankanena kuti a Kazako ndi munthu woipa, ndipo sankanena kuti atolankhani a pa wailesiyo anasiya kugwira ntchito yawo. Ankanena za chimene chimachitika m'mutu mwa womvera. Kuyambira tsiku limenelo, nkhani iliyonse yoyamikira boma inkabwera ndi kafunso kumbuyo kwake, ndipo nkhani iliyonse imene sinaulutsidwe inkaoneka ngati yabisidwa dala. Mtolankhani akhoza kukhala woyera mtima, koma womvera alibe njira yoonera mtimawo. Chimene ali nacho ndi chikhulupiriro basi, ndipo chikang'aluka sichimatika msanga.

Tisakhale okondera. Pali chinthu chachikulu chimene chinachitika a Kazako ali pa mpando umenewo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga ku boma linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu December 2016, ndipo linasainidwa mu February 2017, koma linangokhala m'kabati popanda tsiku loyambira kugwira ntchito. Linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, miyezi itatu isanathe chilowereni a Kazako mu unduna. Amene amati munthu wodziwa ntchito akalowa m'kati amakonza zinthu ali ndi umboni pamenepa, ndipo ndi umboni wolemera.

Koma mbali inayo iliponso. Mu April 2022 apolisi anamanga mtolankhani Gregory Gondwe chifukwa cha nkhani imene analemba. Chaka chomwecho MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu, kuphatikizapo Rainbow TV, ponena kuti sizinalipire ndalama za ziphasozo. Ndalamazo zinkawerengedwa m'madola, ndipo mu May 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Sindikunena kuti a Kazako ndiwo analamula zimenezi; apolisi ali ndi akuluakulu awo, MACRA ili ndi bodi yake. Ndikunena kuti pamene zinkachitika, munthu amene ankadziwa bwino kuposa wina aliyense mtengo wosunga wailesi pa mphepo anali mbali ya boma, ndipo ntchito yake inali kulankhulira bomalo. Mawu amene akanafunsa mafunso owawa anali atabwerekedwa kale kwina. Mu January 2023 nduna zitasinthidwa, a Kazako anatsala panja ndipo a Moses Kunkuyu analowa m'malo mwawo.

Msewu umenewu sanauyende okha. Brian Banda anatchuka ndi mafunso ake obaya pa pulogalamu ya Straight Talk ku Capital FM. Anakagwira ntchito ku nyumba ya boma m'nthawi ya mayi Joyce Banda, kenako anapita ku Times kumene ankachititsa Times Exclusive ndi Hot Current. Mu 2020 anakhala mlembi wa zofalitsa nkhani wa a Chakwera, ndipo pambuyo pake anabwereranso ku Times. George Kasakula, amene ankakhala naye pa Hot Current, anasankhidwa kukhala mkulu wa MBC mu 2021. Kunja zimachitikanso: mu 2006 Tony Snow anachoka ku Fox News kukakhala mneneri wa George W. Bush. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America mmodzi akachoka pamatsala mazanamazana. Kuno aulutsi amene nduna imachita nawo mantha tikhoza kuwawerenga ndi zala. Boma latsopano likatenga atatu, m'chipinda chofunsira mafunso mumamveka mphepo.

N'chifukwa chiyani amapita? Kunena kuti ndi dyera n'kosavuta, makamaka kwa ife amene sitinayambe kulipira lendi. Koma aliyense amene anakaphunzirapo ntchito ku wailesi amabwerako ndi nkhani yofanana: mayina akuluakulu, malipiro ang'onoang'ono. Anzanga ena amagwira miyezi yambiri akungolandira ya thiransipoti. N'chifukwa chake mawu akuti chipondamthengo, amene kale ankanena za kanthu kopereka kwa sing'anga asanapite kukakumba mankhwala, lero amanena za envelopu imene mtolankhani amapatsidwa pamapeto pa msonkhano. Nyumba zoulutsira mawu nazo zimadalira kwambiri malonda a boma ndi makampani ochepa. Munthu wagwira zaka makumi awiri, dziko lonse likumudziwa, koma ana ake akuthamangitsidwa fizi. Tsiku lina foni ikulira kuchokera ku nyumba ya boma, ikulonjeza galimoto, nyumba ndi ulemu. Ndani wa ife angalumbire lero kuti adzakana? Pa a Kazako nkhani ya umphawi siikwanira, chifukwa iwo anali kale mwini wailesi. Mwina kwa iwo chinali chikhulupiriro chakuti akhoza kusintha zinthu ali m'kati. Koma kwa womvera, kaya wapita chifukwa cha njala kaya chifukwa cha masomphenya, mpando umene wasiya ndi wopanda munthu chimodzimodzi.

Maganizo anga ndi awa. Kutchuka kwa muulutsi ndi katundu wobwereka. Anamupatsa ndi anthu ngati agogo anga, amene anagula mabatire ndi ndalama ya nandolo kuti amve mawu ake, namukhulupirira chifukwa sanali wa chipani. Andale akamamuitana, chimene akugula ndi chikhulupiriro chimenecho. Luso lolemba zikalata za boma angalipeze kwa anthu ena ambiri. Choncho muulutsi akavomera, amapita ndi chinthu chimene eni ake ndi ena, ndipo eni akewo sanauzidwe.

Sindikuti aletsedwe. Ndi nzika, ali ndi ufulu wotumikira dziko m'njira imene wasankha. Koma pali zinthu zitatu zimene ndikuona kuti mbadwo wathu uyenera kuziumirira. Choyamba, wopita anene poyera kwa omvera ake kuti wasiya mbali yofunsa ndipo walowa mbali yoyankha, ndipo ngati ali ndi gawo m'nyumba youlutsira mawu, afotokoze momveka amene aziyendetsa nkhani iye kulibe. Chachiwiri, wobwerera asathamangire pa pulogalamu ya ndale sabata yotsatira. Papite nthawi, ndipo akabwerera auze omvera anthu amene sangathe kuwafunsa mosakondera. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene amanyowa kwambiri ndi womvera. Chachitatu, eni wailesi ndi makanema azilipira antchito awo mokwanira kuti ntchito ya ku boma isamaoneke ngati penshoni yokhayo imene muulutsi angaiyembekezere.

Palinso china chimene chili m'manja mwathu ife ophunzira. Tikamakamba za amene zinawayendera, timatchula amene anakhala nduna, akazembe, aneneri a mtsogoleri. Amene anakalamba akufunsa mafunso timawaona ngati anatsalira. Malinga ngati tikuyeza motero, tidzalowa mu situdiyo maso ali pa khomo lotulukira, ndipo mafunso athu adzayamba kufewa kalekale foni ija isanalire. Nduna iliyonse imene tidzaifunsa tidzaiona ngati bwana wa mawa.

Kwa ine, chachikulu pa moyo wa a Kazako chinachitika mu 2005 ndi zaka zotsatira, pamene anaonetsa kuti wailesi ya Chichewa, yoima payokha, ikhoza kumveka m'dziko lonse ndi kuchititsa olamula kusowa tulo. Unduna unatha m'zaka ziwiri ndi theka. Wailesi ija ikadalipo, ndipo achinyamata amene anaphunzira ntchito kumeneko ali m'nyumba zambiri zoulutsira mawu lero. Ngati pali choti titengere, n'chimenecho.

Akuluakulu amati ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Enafe tidzapeza maikolofoni, ndipo ochepa mwa ife tidzatchuka mpaka foni ya ku nyumba ya boma idzalira. Tsiku limenelo pa Lirangwe padzakhala mayi amene wagona pa depoti masiku atatu kudikira feteleza, foni yake ili m'khutu, akuyembekezera kuti wina amufunsire. Tisanayankhe foni ya bwanayo, tidzayambe tadziwa amene titamusiyire mayiyo.