Bambo Anga pa Ilala

Kwathu ku Lirangwe madzi aakulu amene tinkawadziwa ndi a mtsinje wa Lirangwe, omwenso ikafika Okutobala tinkachita kufukula mumchenga. Bambo anga anakalambira pabwalo la ndege la Chileka, kunyamula zikwama za alendo. Azungu akatsika ndege ankawafunsa za kunyanja, iwo n'kumalongosola njira yonse mpaka ku Monkey Bay, chonsecho nyanjayo anali asanaiponyepo diso.

M'chaka cha 2008 ng'ala inayamba kuwaphimba maso. Ndinakongola ndalama kuntchito, nkhani imene mkazi wanga sanaiiwale mpaka lero, ndipo Lachisanu lina tinakwera Ilala.

Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Bambo ankaumirira kuti ali mnyamata anaziona zitsulo zakezo zikudutsa panjanji ya kwathu. Sindinawatsutse. Ndinawalipirira malo apamwamba, pamene alendo ankawothera dzuwa botolo lili m'manja, koma sanakhalitsepo. Ndinakawapeza pansi, pakati pa matumba a ufa, nkhuku ndi fungo la usipa, akuseka chikhakhali ndi amayi a ku Chizumulu.

Tinafika ku Likoma mawa lake. Nthawi imeneyo sitima inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti, kenaka kuvuula madzi ofika m'mawondo. Alendo anamwazikana, ena kukasambira ndi mbuna m'miyala, ena kukajambula milambe. Ife tinalunjika ku tchalitchi cha St Peter's chimene a UMCA anayamba kumanga mu 1903 pa Chipyela, malo amene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Bambo anayenda nacho chipupa chonse akusisita ndi dzanja, poti kudenga maso awo sankafikako.

"Mwanawe, zoterezi zili m'Malawi mommuno?"

"Eya bambo, ngakhale madzi atizungulirawa ndi a Mozambique."

Pobwerera kugombe tinakumana ndi mtsikana wachizungu akulimbana ndi chikwama chachikulu. Ndisanatsegule pakamwa, bambo anali atachisenza kale paphewa, msana uli weramu ngati ali pa Chileka. Manyazi anandigwira. Mtsikanayo anatulutsa K200, koma iwo anapukusa mutu, namuuza m'Chingerezi chawo cha pabwalo la ndege kuti nawonso ali pa holide.