Nthoci ya pa Nyimba

Basi yocokera ku Lusaka itaima pa Nyimba, amai ogulitsa nthoci anaunjikana pa mazenera monga mwa masiku onse. Mdzukulu wanga wa zaka 2 anatambasula dzanja. Ndinamgulira, ndipo pofuna kumthandiza ndinasenda nthociyo ndi kuidula pakati. Kalanga ine! Anaiponya pansi, nayamba kukuwa ndi kudzimenyetsa pa mpando, kufuna kuti ibwerere m'khoko lake yathunthu.

Bambo wina kumbuyo anati, "Agogo, mkwapuleni, ndi mwano umenewo." Ndikuvomera kuti dzanja ndinalikweza. Ine katekisiti, amene ndalangiza makolo ambiri pokonzekera ubatizo wa ana ao, ndinali pafupi kumenya mwana, osati kuti aphunzire kanthu, koma kuti anthu a m'basi aleke kundiyang'ana. Ana anga ndinawalera ndi kamtengo, monga ndinaleredwa inenso, ndipo woyamba kubadwa kufikira lero salankhula nane momasuka.

Mwano ndi wa munthu wodziwa cimene acita. Mwana wa pakati pa caka cimodzi ndi zaka 3 ali ndi cifuniro cacikulu koma mau ocepa, ndipo mbali ya ubongo imene imaletsa mkwiyo imacedwa kukhwima. Njala, tulo ndi kutopa zikaonjezerapo, thupi ndilo limalankhula. Ambiri amacepetsa khalidweli akamafika zaka 4. Mdzukulu wangayo anali atadzuka usiku, nakhala pa miyendo yanga maola ambiri osaponda pansi. Cimene anafuna ndico kusenda yekha, basi.

Ena polira amabanika, milomo nisintha mtundu, nthawi zina mpaka kukomoka kwa kanthawi. Kumudzi timathamangira kunena za mizimu, pamene kawirikawiri kucepa kwa magazi ndiko kumakulitsa vutoli. Mwana wotere akapimidwe. Koma kukomoka kodza ndi kutentha thupi ndi nkhani ina. Angakhale malungo, ndipo musadikire kuti kuce. Dziwaninso kuti kuyambira 2022 lamulo la Children's Code Act likuletsa kulanga mwana pommenya.

Dzanja lija ndinalitsitsa. Ndinamfungatira kuti asadzipweteke, osamkalipira, osamlonjeza masiwiti. Analira ndithu mtunda wautali, bambo uja akung'ung'udza. Atatonthola ndinampatsa nthoci ina yosasenda, nalimbana nayo yekha ndi tizala take. Pofika pa mphambano ya ku Petauke anali m'tulo, khoko lili m'manja.