NDALAMA ZA MPANDO WOPANDA MWINI

Ndalama zambiri za citsulo zimakhala ndi nkhope ya mtsogoleri kapena cizindikiro ca dziko. Ife a kale tikumbukira kobiri wa cibowo wa nthawi ya Federation, ndiponso ngwee zimene zinafika pa 16 Januwale 1968, zokhala ndi nkhope ya Dr Kenneth Kaunda. Koma ulipo mtundu wina wa ndalama umene umakumbutsa masiku amene pa mpando palibe munthu. Izi ndizo ndalama zimene dziko laling'ono la Vatican limatulutsa Papa akamwalira kapena akatula pansi udindo. M'Cilatini nthawi imeneyi amaicha Sede Vacante, ndiye kuti mpando uli wopanda mwini.

Ine ndili nazo ziwiri zokha, zonse za caka ca 1978, ndipo ndimazisunga m'kacitini pamodzi ndi mashiling'i ndi ngwee zakale. Anandipatsa ndi wansembe wina wa ku Ulaya amene anagwirapo nchito m'mishoni za kuno, ataona kuti ndimakonda kupempha ndalama zotha nchito kwa amai ogulitsa nthoci pa Nyimba ndi kwa okalamba a m'midzi ya Petauke.

M'caka cimeneco Akatolika a ku Nyimba ndi a ku Minga, mishoni imene a White Fathers anakhazikitsa mu 1923, analira maliro a Papa kawiri m'miyezi iwiri. Papa Paul VI anamwalira pa 6 Ogasiti. John Paul I anasankhidwa pa 26 Ogasiti, nakhala pa mpando masiku 33 okha, namwalira pa 28 Seputembala. Pa 16 Okutobala anasankhidwa John Paul II, yemwe uja anadzaceza m'Zambia mu Meyi 1989. Motero ndalama za Sede Vacante zinasulidwa kawiri, ndipo pa yaciwiri analembapo dzina la mwezi wa Seputembala kuti isiyane ndi inzace.

Iliyonse ndi ya siliva, ya ma lire 500, yolemera magalamu 11. Mbali imodzi kuli nkhunda, cizindikiro ca Mzimu Woyera. Mbali ina kuli makiyi awiri opingasana, pamwamba pace ambulera, ndipo pansi pace cizindikiro ca Kadinala Jean Villot. Iye ndiye anali Camerlengo pa nthawi imeneyo, kapena tinene kuti kapitao wosunga nyumba. Nchito ya Camerlengo ndi kutsimikiza kuti Papa wamwaliradi, kutseka zipinda zace ndi kuyang'anira cuma ca Mpingo kufikira makadinala atasankha wina m'Sistine Chapel. Iye sakhala pa mpando, ndipo saloledwa kuweruza nkhani zimene ndi za Papa yekha. Utsi woyera ukangotuluka, nchito yace yosunga mpando yathera pomwepo.

Ici ndico cifukwa cace ndimazikonda ndalamazi koposa zina zonse za m'kacitini kanga. Zimandiphunzitsa kuti mpando ndi waukulu kuposa munthu wokhalapo, ndi kuti wosunga mpando sali mwini mpando. Kuno kwathu kwa Ansenga, m'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo, kapena kwa Ndake, kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe, mwambo umenewu si wacilendo. Mfumu kapena nyakwawa ikagona, ufumu umatsata ku cikazi, ndipo mbumba ndi akuluakulu amakhala pansi kufunafuna woyenera pakati pa ana a alongo. Pa masiku amenewo pamafunika munthu woongoka mtima wogwirizira mudzi. Koma ndaonapo midzi ina kumene wogwirizira anamva kukoma kwa mpando, nayamba kugawa minda ndi kukana kucoka, abale nafika podana ndi kutengerana ku khoti. Zotere zimacitikanso m'makomiti a chalichi ndi m'makopaletivu a alimi.

Lamulo likakhala lodziwika, munthu sadandaula ngakhale litamusiya kunja. Malemu Medardo Mazombwe, amene anali Bishopu wa Chipata zaka zambiri, anakhala Kadinala mu 2010. Pamene Papa Benedict XVI anatula pansi udindo pa 28 Febuluwale 2013, iwo anali ndi zaka 81, ndipo sanaponye nao voti, pakuti lamulo limalola okhawo amene sanakwanitse zaka 80. Papa Francis anasankhidwa pa 13 Malichi popanda mkangano. Iye atamwalira pa 21 Epulo 2025, mpando unakhala wopanda mwini masiku 17, ndipo pa 8 Meyi anasankhidwa Leo XIV.

Ndalama za Sede Vacante zasintha ndi nthawi. Mu 1958 ndi mu 1963 zinali za ma lire 500 monga zangazi, koma mu 2005 zinatuluka zisanu ndi zitatu za euro, ndipo mu 2013 panatuluka ya cikumbutso ya ma euro 2. Ambiri a ku Ulaya amazigula kuti adzagulitse mtengo ukakwera. Ine zanga sindigulitsa.

Tsono inu awerengi, makamaka acinyamata, musataye makobiri amene mupeza m'masutukesi a agogo anu. Apukuteni ndi kansalu kouma, osati ndi mcenga kapena phulusa, ndipo funsani akulu za caka colembedwapo. Kwa inu amene mwapatsidwa kusunga mpando wa mudzi, wa mpingo kapena wa bungwe, sungani makiyi bwino, ndipo tsiku likafika muwapereke ndi manja awiri. Kwa inu oyembekeza mpando, paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.