Tengani zosoka zanu mukazijambule ku Dedza

Abale anga a mu msika, inu matelala ndi amayi a geni ya nsalu, tamverani kuno. Masiku ano kasitomala sayamba wafika pa benchi panu ayi. Amayamba waona chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo akakhutira m'pamene amafunsa mtengo. Tsono dilesi yoti telala wathera nayo masiku atatu, ife timaijambula ili lende pa msomali, kumbuyo kuli khoma lakuda ndi utsi, pansi pali makoko a nthochi. Kenaka n'kumadandaula kuti anthu akonda kaunjika. Wolakwa ndani pamenepa?

Kaunjika si mdani wamasewera. Malonda atamasuka m'zaka za m'ma 1990, mabelo anasefukira m'misika yonse, ndipo ngakhale fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inafooka mpaka boma kuigulitsa mu 2003. Pa mtengo telala sangalimbane ndi belo. Chimene ali nacho ndi luso, koma luso lobisika siligula ndiwo.

Kumbukirani za mu September 2019. Meghan, mkazi wa Prince Harry, anavala dilesi yosokedwa ku Lilongwe ndi amayi a Mayamiko pa ulendo wake wa ku Cape Town. Zithunzi zitangofalikira, madilesi a mtundu umenewo anatha psiti. Amayi osokawo anali omwewo, makina omwewo, koma dziko linali litaona. Ife tilibe Meghan wotivalira zosoka zathu, koma tili ndi Dedza, ndipo ali pakhomo pompa, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe.

Ndinapitako m'mwezi wa May ndi mayi wina wosoka, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi ndi mnzake, amene anali oti azivala zosokazo. Katundu wathu anali chikwama cha madilesi, simbi ya makala, nsalu yoyera ndi foni basi. Tinakwera minibasi masana, kudutsa Nathenje ndi Kamphata, ndipo pofika m'misika ya Chimbiya ndi Linthipe, mphepo yolowa pa windo inali itayamba kuluma makutu. Eetu, Dedza ndi tawuni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Tinagona pa boma pomwepo, chifukwa wofuna chithunzi chabwino sadzuka ndi dzuwa, amalitsogolera.

Kutacha tinasita zovala, n'kuyamba kukwera msewu wafumbi wolowera ku nsanja za mawailesi zili pamwamba pa phiri. Sitinafune kukafika pansonga. Pang'ono pokha tawuni inali ili m'munsi, nkhungu itayala pa madenga ngati thonje. Atsikana aja ankanjenjemera ndi chisanu, koma mayi wawo anawauza kuti avule majuzi, ntchito iyambike.

Apa ndiye pali phunziro lenileni. Dzuwa la m'mawa, kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 8, limabwera cham'mbali, motero limaonetsa mapindo a siketi, msoko ndi maluwa a chitenje. Likafika paliwombo limaphimba maso a wovala ndi mdima, ndipo mtundu wa nsalu umaoneka wosuluka ngati yachapidwa kakhumi. Madzulo, cha m'ma 4 koloko, limabwereranso mwakale. Nkhungu nayo musaitukwane, imafewetsa kuwala, nkhope n'kuoneka yosalala popanda mafuta. Kukakhala mthunzi mbali imodzi ya nkhope, wina agwire nsalu yoyera ija moyang'anizana ndi dzuwa kuti ibweze kuwala. Ife tinadikira nkhungu kuti ipungule kwa theka la ola. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phiri la Dedza lili ndi makoma atatu aulere: mitengo ya paini yobiriwira moderako, matanthwe otuwa, ndi thambo. Dilesi yofiira kapena yachikasu imawala kutsogolo kwa paini. Ya buluu kapena yamaluwa ambiri imafuna thanthwe, poti thanthwe silipikisana nayo. Yobiriwira musaiyike m'masamba, imasowa ngati bilimankhwe. Wojambula akagwada pang'ono, wovala amaoneka wamtali, kumbuyo kuli thambo lokhalokha. Mphepo ya kumeneko ndi wantchito wosalipidwa, imakupiza siketi n'kuonetsa mmene telala anaidulira. Koma chenjerani ndi chisoso, chimakakamira ku mpendero, ndipo tinataya nthawi ndithu kuchithothola.

Chovala chilichonse tinachijambula katatu: kutsogolo, kumbuyo, ndi pafupi kwambiri kuti zipi, mabatani ndi msoko zioneke. Chachitatuchi ndicho chimagulitsa, chifukwa chimauza kasitomala kuti ichi n'chosoka munthu wodziwa. Ndipo musasinthe mtundu wa nsalu ndi zokometsera za mu foni. Mukatumiza yofiira pamene yeniyeni ndi yofiirira, kasitomala adzabweza katundu n'kukuipitsirani mbiri msika wonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lachiwiri tinalowera ku Chongoni, kumpoto chakumadzulo kwa boma, kufupi ndi sukulu ya zankhalango ndi zanyama. Kumeneko m'mapanga muli zojambula zamakedzana, malo okwana 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira anajambula ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza kuno. Zoyera n'za Achewa eniake, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Pa Chentcherere mayi wosoka uja anaima nthawi yaitali osayankhula, kenaka anati mizere ndi madontho amene timagula pa chitenje, makolo anayamba kale kuzilemba pa mwala.

Koma pano mpofunika ulemu. Pezani munthu wa m'deralo akutsogolereni, ndipo mumuthokoze ndi kangachepe. Musagwire zojambulazo kapena kutsamiritsa wovala pa khoma la phanga, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimaononga utoto umene wapirira mibadwomibadwo. Alipo kale ena opanda khalidwe amene analembapo maina awo ndi makala, musaonjezere chiwerengero chawo. Ife tinajambulira panja, pa matanthwe oyang'ana kuchigwa. Chinanso, mukaona kankhalango kowirira pafupi ndi mudzi, musathamangireko poti pali mthunzi wabwino. Kawirikawiri amakhala manda, ndipo kwa Achewa kumanda ndi kudambwe. Gule mukakumana naye, foni ibwerere m'thumba pokhapokha eniake atalola. Lonjerani amfumu, funsani mwini munda. Safunsa anadya phula.

Pa zovala zathu panali thalauzi ya chitenje. Gogo wina wosenza nkhuni ataiona anaseka chikhakhali, nati pa utsikana wawo mkazi wovala chotere akanagona ku polisi. Sananame. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi, ndipo linachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Ufulu umenewo ndi umene ukudyetsa matelala ambiri lero. Komabe podutsa m'mudzi atsikana athu ankamanga chitenje pamwamba, n'kuchimasula pofika pojambulira. Ufulu sulanda ulemu.

Tisanakwere minibasi tinadzera ku Dedza Pottery, kumene akhala akuumba makapu ndi mbale kuyambira mu 1987. Alendo amapatuka pa msewu wa M1 kukagula zopangidwa ndi manja a anthu a konkuno. Ngati dothi la Dedza likugulika chonchi chifukwa choyalidwa bwino, nanga nsalu yanu ingakanike bwanji?

Mwina mukuti thiransipoti yakwera, mpamba ndi wochepa. Zoona. Ndiye gwirizanani matelala atatu kapena anayi, musonkherane, aliyense apereke zovala zake, apite anthu ochepa ndi foni imodzi yabwino. Pobwerera musabwere chimanjamanja. Dedza ndi kwawo kwa kachewere, kabichi ndi tomato, ndipo thumba limodzi lokagulitsa m'tawuni limachepetsa bala la ulendo.

Nyengo yabwino ndi April ndi May, mvula itangosiya, kukadali kobiriwira ndipo kumwamba kuli mbee. June ndi July kumazizira koopsa, koma ndiyo nthawi yojambula majekete ndi zoluka. Kuyambira August mpaka October utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri, udzu n'kuuma. Nthawi ya dzinja matope ndi mvula sizigwirizana ndi nsalu yatsopano.

Konzekani tsono. Tchajani foni idzaze, pukutani kagalasi kake, tengani mapini, makala a simbi ndi chitenje chotchingira posintha zovala. Ndipo juzi musaiwale, abale anga. Ku Dedza chisanu sichiona nkhope.