Nsapato Imaulula Zomwe Phazi Labisa

Benchi langa lili pansi pa mtengo wa nimu pa Nchalo, pafupi ndithu ndi msewu wa M1. Munthu akanditambasulira nsapato, sindithamangira pomwe akulozapo. Ndimayamba ndaitembenuza kuti ndione m'mene chidendene chadyekera, kenako ndimapisa dzanja m'kati mpaka kukafika kumene kumakhala zala. Anyamata a kabaza amandiseka. "A shumeka, mukufunamo ndalama?" Ndimangoseka nawo, dzanja lili m'momo.

Kuno kuchigwa cha Shire, Okutobala ndi Novembala si miyezi yamasewera. Masiku ena kutentha kumapyola madigiri 40, phula limafewa, mchenga umawotcha ngati phulusa la pamoto. Kwa ine ndiyo nyengo ya ndalama, chifukwa guluu wa nsapato zotchipa amasungunuka ndipo soli zimayasama ngati ng'ona. Koma ndiyonso nyengo imene ndimaona mapazi ambiri, pakuti amene alibe nsapato ina amavula pomwepo n'kukhala pabenchi kudikira. Ine maso pantchito, koma phazi lili pafupi ndi bondo langa. Ndingalephere bwanji kuliona?

Dandaulo loyamba la chilimwe ndi lakuti nsapato yachepa. Mayi wina anabwera atakwiya, akuti wogulitsa kaunjika anamusinthira nsapato poikulunga. Palibe anamubera. Anaigula m'mawa mu Juni kukuzizira, ndipo amafuna kuti imukwane masana mu Okutobala. Phazi limafufuma kukatentha, limafufumanso tsiku likamapita, makamaka kwa woima nthawi yaitali. Nchifukwa chake ndimauza anthu kuti nsapato amagula madzulo, amayesa zonse ziwiri ataimirira, ndipo pakati pa chala chachitali ndi mphuno ya nsapato pazitsala malo olowa chala chachikulu chakumanja chopingasa. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Mukawapanikiza onsewo m'kachikopa kothina, penapake pakhuzika basi, ndipo pokhuzikapo pamatuluka thuza.

Thuza losaphulika musaliboole. Khungu lakutukumukalo ndi chivundikiro chabwino kuposa bandeji iliyonse. Likaphulika lokha, tsukani ndi sopo ndi madzi oyera, kakhunguko musakasende, phimbani ndi pulasitala. Mbali yanga ndi nsapatoyo: ndimanyowetsa chikopa pang'ono, ndimaikamo chikombole kuti igone nacho usiku, ndimamenya kumbuyo kolimbako ndi hamala mpaka kufewe, nthawi zina ndimamatamo kachikopa kofewa. Za pulasitiki ndiye sindinamiza munthu, sizitanuka. Imeneyo perekani kwa mng'ono wanu.

Tsono za zikang'a ndingayankhule mpaka dzuwa kulowa. Ndani kumudzi sanaoneko zidendene zong'ambika ngati dothi la padambo mvula isanagwe? Anthu amati ndi matenda a umphawi kapena uve, koma ine ndaona zikang'a pa aphunzitsi ndi pa akazi a mabwana. Chimene ambiri amafanana ndi patapata. Nsapato yotseka kumbuyo imagwira mnofu wa chidendene pamodzi. Patapata sagwira kanthu: ukaponda, mnofuwo umaphwasukira m'mbali, ndipo khungu likakhala louma ndi lokhuthala silitanuka nawo, limangong'ambika. Onjezani fumbi, dzuwa, sopo wochapira amene amayi amapondamo kumjigo, ndiye mng'alu umalowa pansi mpaka kutuluka magazi. Patapata wothera kumbuyo, amene chidendene chimalendewera kunja n'kumaponda dothi, ndiye woipitsitsa. Ndikamuona ndimadziwa kale zomwe zili paphazi la mwini wake.

Mankhwala ake agogo athu ankawadziwa, kungoti ife timachita mwaukali. Viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, kwechani pamwala pang'onopang'ono, osati ngati mukupala poto. Pukutani, ndipo khungu lisanaumiretu pakani Vaseline kapena mafuta a nsatsi, muvale masokosi pogona. Kutenthaku masokosi usiku ndi chilango, ndikudziwa, koma sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona kusintha. Masana valani nsapato yogwira kumbuyo. Ine nkhwaira za matayala ndimaziika lamba wa kuchidendene pachifukwa chomwechi, ngakhale achinyamata amati zikuoneka zachikale.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amandipempha ndipo ndimakana. China ndi mpeni wanga wodulira chikopa, kuti asepere khungu lokhuthalalo. Ena amachita ndi lezala kunyumba. Mpeni sudziwa pomwe khungu lakufa lathera. Chinacho ndi guluu. Inde, munthu wamkulu ndithu amabwera n'kunena kuti, "Achimwene, tandidonthezerani pang'ono m'ming'alumu." Guluu wanga ndi wa labala ndi chikopa cha ng'ombe yakufa. Mukamata mng'alu wa fumbi, mwatsekera litsiro m'kati, ndipo pakapita masiku phazi limatupa, mafinya n'kuyamba.

Amene amavala majombo a labala ali ndi vuto losiyana: kwa iwo si kuuma koma kunyowa. Kuno kuli minda ya nzimbe, ndipo othirira ndi odula amakhala m'majombo kuyambira m'bandakucha. Alonda nawonso chimodzimodzi. Jombo yotere ikafika pabenchi, ndimaidziwa ndi mphuno ndisanaione. Achipatala amati mapazi awiri a munthu ali ndi timabowo ta thukuta pafupifupi 250,000, ndipo labala satulutsa ngakhale dontho. M'chinyontho chofundacho mumakula tizilombo tamtundu wa nkhungu, tija amati fangasi, ndiye pakati pa zala, makamaka pa kachala kakang'ono ndi kotsatana nako, khungu limayera, kunyerenyesa, kusupuka. Ndi linyetsu limenelo. Mvula ikayamba mu Disembala limafalikira ngakhale kwa oyenda opanda nsapato. Paja walira mvula walira matope.

Pamenepa Vaseline uja amene amathandiza chidendene amasanduka mdani, chifukwa amasunga chinyezi. Pakati pa zala pamafunika kuuma. Mukasamba pukutani mpata uliwonse, umodziumodzi. Masokosi akhale a thonje ndipo asinthidwe tsiku lililonse. Jombo mukavula itembenuzeni, chotsani kansalu ka m'kati, muyanike padzuwa, limene kuno n'laulere. Kufamase kuli kirimu wa clotrimazole, amapaka kawiri kapena katatu patsiku kwa milungu ingapo. Cholakwa cha ambiri ndi kusiya kuyabwa kukangoleka. Tizilomboto timakhala tisanafe, ndipo tina tatsala m'nsapato. Ndinamvapo ena akupaka mafuta a mabuleki a galimoto, ena parafini. Zimenezo zimawotcha khungu, kuyabwa n'kusanduka chilonda. Ndipo nsapato ya kaunjika, kaya yaoneka yatsopano bwanji, ichapeni ndi kuiyanika musanaivale. Simudziwa phazi limene linatulukamo.

Matekenya sindiwaona kawirikawiri ngati kale, koma nthawi ya fumbi amabwera ndi ana ochokera kumidzi. Ndi kautitiri kakakazi kamene kamaboola khungu m'mbali mwa chikhadabo, n'kufufuma ndi mazira mpaka kukula ngati nsawawa yaing'ono. N'kachilendo kuno: kwawo ndi ku South America, ndipo mbiri imati kanatsikira ku Ambriz m'dziko la Angola mu 1872, m'mchenga umene sitima yochokera ku Brazil inanyamula, n'kufalikira m'madera ambiri a Africa. Ife tinakula tikuzulidwa matekenya ndi minga kapena pini, koma njira imeneyo imalowetsa kafumbata ngati chidacho n'chakuda. Kuli bwino kupita naye mwana kuchipatala, kusesa ndi kuwaza madzi m'nyumba, kutalikitsa nkhumba ndi agalu pogona anthu, ndi kumupezera nsapato yotseka.

Tsopano ndinene chifukwa chenicheni chimene dzanja langa limalowera m'nsapato iliyonse.

Panali bambo wina wachikulire, wopuma pantchito, amene ankabwera kwa ine kwa zaka zambiri. Munthu waukhondo, nsapato zake zakuda zopolishidwa nthawi zonse. Chaka china mu Okutobala anabweretsa nsapato yomwe chidendene chinaguluka. Tsikulo ntchito inali itandithina, ndiye m'malo momata ndi kusoka ndinangokhoma timisomali, n'kumupatsa. Patapita milungu iwiri anabweranso ndi nsapato yomweyo, akuti ndiione chifukwa mkazi wake akudandaula kuti sokosi ikumathimbirira. Nditapisa dzanja, china chake chinandibaya chala. Msomali wanga umodzi unali utatulukira m'kati, nsonga ili chilili. Kansalu kozungulira pamenepo kanali kouma gwa ndi magazi.

"Bambo, simumamva kubaya?"

"Kubaya chiyani, mwanawe?"

Ndinawapempha kuti avule sokosi. Pansi pa chidendene panali bowo lozungulira, m'mbali mwake motuwa, likutuluka madzi. Iwo anali atayenda pamsomali milungu iwiri, kutchalitchi, kumsika, kumaliro, osamva kalikonse. Ndinamva thukuta lozizira kumsana ngakhale kunja kunali ng'anjo. Atandiuza kuti ali ndi matenda a shuga, sindinadziwe kuti zikugwirizana bwanji. Amene anandifotokozera pambuyo pake ndi namwino wina amene ndimamusokera nsapato: shuga akakhalitsa amapha mitsempha yomvera kumapazi, amachepetsanso magazi ofika kumeneko, choncho munthu savutika ndi ululu pomwe chilonda chikukula, ndipo chilondacho sichipola msanga. Ambiri amene amadulidwa mwendo chifukwa cha shuga, nkhani yawo imayamba ndi kanthu kakang'ono ngati kameneka: thuza, mng'alu, kamwala m'nsapato, kapena kuponda mchenga wotentha popanda nsapato.

Ndinatseka benchi tsiku lomwelo, ndinawakweza pakabaza, tinapita kuchipatala. Anawagoneka, ndipo chilondacho chinatenga miyezi kuti chitsekeke. Mwendo unapulumuka. Iwo sanandiimbe mlandu ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

Kuyambira pamenepo sindikhoma msomali pansi pa nsapato ngati pali njira yosoka, ndipo ndikakhoma ndimaupinda pachitsulo n'kuphimba. Munthu wachikulire akakhala pabenchi ndimamufunsa mosapsatira ngati anayezetsapo shuga. Ena amadabwa kuti shumeka zamukhudza bwanji. Amene wavomera ndimamuuza zimene namwino uja anandiphunzitsa: aziyang'ana mapazi ake madzulo alionse, pansi pomwe, ndi kalilole kapena mdzukulu amuonere, azikutumula nsapato ndi kupisamo dzanja asanavale, asayende chosavala ngakhale pabwalo pake, madzi osamba aziyesa ndi chigongono, zikhadabo aziwenga mowongoka, osakumba m'makona. Mwala wokwechera uja ndi kuviika mapazi nthawi yaitali, zimene ndimalangiza ena, kwa iye ayi. Ndipo akaona chilonda, kufiira, kutupa kapena chala chikuda, asadikire Lolemba.

Sindine dokotala, ndipo pabenchi panga sipaperekedwa mankhwala. Phazi lotentha, lofiira, la mafinya, kapena munthu akumva malungo nalo, ndimamulozera msewu wa kuchipatala nsapato ndisanaigwire n'komwe. Ena amakwiya, amati ndawakaniza ntchito. Amakapeza mnzanga wa kuseri kwa msika amene safunsa mafunso.

Bambo aja anamwalira zaka zingapo zapitazo ndi matenda ena, miyendo yonse iwiri ili pomwepo. Mwana wawo anandibweretsera nsapato zakuda zija kuti ndizikulitse azivala iye. Ndinazitembenuza, chidendene chinali chikadali changa, chimene ndinasoka nditachotsa misomali ija. Ndinapisa dzanja kumanzere, ndinapisa kumanja, kenako ndinamuuza mnyamatayo kuti avule sokosi aponde papepala ndijambule phazi lake.